Mpweya wa Ngongole

Lero pa Lizulu ndalephera thumba la mbatatesi.
Kamnyamata kosamera ndi ndevu zomwe
kalitola ngati katola nkhuku,
kaliponya pa lole ya ku Blantyre,
ine ndili chiimire, mawondo akuwombana,
amayi a kabichi akutsinana:
si uja anapita kumwamba uja?

Ndine, eya.
Zaka zinayi pa chimwala chopanda dzina,
nambala chabe, yaitali ngati ya foni,
kutsidya kwa mwezi, kumene tambala salira,
kumene kucha ndi belu la kampani.

Kumeneko thumba ili ndikanalikankha ndi chala, Edinesi.
Kulibe cholemera.
Supuni imakuthawa m'manja,
msozi umakana kugwa, umangotupa m'diso ngati thuza,
pogona umadzimangirira kukhoma
ngati ndindi ya fodya.
Ndiye mafupa amaiwala ntchito yawo.
Andidya m'kati ngati nsichi ya chiswe:
kunjaku ndikuoneka munthu.

Madzi tinkamwa omwewo omwewo,
thukuta la dzulo, mkodzo wa mnzako,
makina asefa, abweza m'botolo.
Tinkaseka, tinkati lero tamwa Yolamu,
n'chifukwa chake akuwawa.

Pa pepala la malipiro panali mzere wa mpweya.
Kupuma, ndalama.
Kuyasamula, ndalama.
Ukapsa mtima n'kuyamba wefuwefu
mwezi ukatha umapeza mkwiyo wako atauchotsera.
Ndinaphunzira kukwiya pang'onopang'ono.

Nanga fumbi!
Lakuthwa ngati botolo losinja,
lonunkha ngati machesi ongozima kumene,
limalowa m'magolovesi, m'mano, m'tulo.
Agogo aamuna anabwera nalo la ku Joni m'chifuwa,
ine ndabwera ndi la kunyenyezi.
Usiku ukamandimva, sukuwamva iwo?

Za Yolamu sindinakuuze zonse.
Yolamu wa ku Tsangano, wamanzere uja,
amene ankabzala anyezi m'sokosi yakale
pansi pa nyale ya kuchimbudzi
kuti angoona chobiriwira.
Tinali panja, chingwe chimodzi m'chiuno,
iye pa chobowolera, ine pa thumba la miyala.
Kamwala kochepa ngati njere ya mawere
kanachokera kumene sindikudziwa.
Phokoso kunalibe. Kulibe phokoso kumeneko.
Ndinangoona utsi woyera ukutuluka paphewa pake
ngati mpweya wa ng'ombe m'mawa wa Juni,
pakamwa pake pakuyenda kuseri kwa galasi,
wailesi ili zii.
Ndinakoka chingwe.
Anabwera mosavuta, Edinesi,
mopepuka ngati chitenje chouma pa waya.

Akampani anati kutsitsa maliro n'kodula
kuposa kutsitsa chitsulo.
Anatumiza wotchi yake ndi kalata ya sitampa.
Ku Tsangano anaika thunthu la nthochi m'bokosi,
azimayi a Mvano anaimba mpaka mawu kusasa,
pamene mwini maliro akuzungulirabe dzuwa
atamumangirira pa nsanamira ya nambala seveni.
Mayi ake anandifunsa kuti wagona choloza kuti.
Ndikanati chiyani?
Kulibe kum'mawa kumeneko.

Anyezi aja tinadya. Tinalipo asanu.

Tsopano ndimadzuka nkhungu isanachoke m'mapiri,
ndimakhala pakhonde, kukamwa yasa,
kumeza chisanu chonse cha Ntcheu,
fungo la ndowe, la dizilo, la makala anyowa,
mpaka mphepo ya ku Mozambiki yodumpha msewu
yopanda chiphaso.
Zaulere zonsezi.
Koma ukandiona milomo ikugwedera
usati ndikupemphera:
ndikuwerengabe.

Dzulo galimoto yawo yabweranso pamsika,
chimkuzamawu padenga, zithunzi za nyumba za malata.
Mzere unafika mpaka kwa ogulitsa tomato.
Wachisanu ndi chitatu anali Dalikeni, mwana wa mlongo wako,
atavala nsapato zanga zija,
satifiketi ya Fomu Folo m'pepala la pulasitiki.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane.
Chifuwa chinanditsogolera.
Pamene ndimaweramuka, ndikupukuta milomo,
anali atafika kale pa tebulo,
akumuuzitsa chibaluni
kuti aone kukula kwa mapapo ake.